Siteji ya Simenti

Makokola,
Mangochi.
21 Okutobala, 2024.

Okondedwa achemwali anga a Lusiya,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli moyo pamodzi ndi mwana wanu Angel ndi adzukulu onse ku Kitweko. Kuno tilipo, kungoti dzuwa la chaka chino likutiwotcha ngati tinalilakwira. Mango akadali aawisi koma ana ayamba kale kugenda. Mwezi watha ndinapita ku Malindi kukalambula pamanda a amayi ndi a malemu m'bale wathu Edith, ndipo ndinapeza kuti mtengo wa bwemba uja wa kuseri kwa tchalitchi anaudula. Kwaya ya masiku ano ili ndi kiyibodi, ana akuimba atagwira mafoni m'malo mwa mabuku.

Mukuona, ndayamba kale kuzungulira. Mlongo wanu mumamudziwa, akafuna kunena chinthu cholemera amayamba wazungulira ngati galu wofuna kugona.

Munanena kuti simudzandivutitsanso. Mawu amenewo andifika, ngakhale andifika patatha miyezi iwiri, ndipo mmene andifikira ndi nkhani yomwe ndikufuna kukuuzani. Zaka ziwiri foni yanu yakhala ikulira m'thumba mwanga ine osayankha. Munaganiza kuti ndakutayani, kuti kutchuka kwandilowa m'mutu, ndipo munthu wina aliyense akanaganiza chomwecho. Chomwe ndikupempha n'chakuti mumve kalatayi mpaka kumapeto. Mukatha kumva, ngati mtima wanu ukadali pomwepo, sindidzakudandaulani, chifukwa wolakwa ndine. Koma ndili ndi mantha, achemwali. M'mimba mwa amayi tinatulukamo asanu, tatsala awiri, ndipo sindikufuna kuti titsirize chonchi.

Ndiyambe ndi nyimbo ija, Imvi Sizigogoda, poti ndiyo yautsa mapiri pachigwa. Ndinailemba chaka chatha nditakwanitsa zaka 64, tsiku lina nditawerama kuti nditole chingwe cha gitala n'kupeza kuti kuweramuka kwake kukufunika msonkhano. Ndinadziuza kuti, Raymond, waimba za atsikana a ku Monkey Bay zaka makumi atatu ndi zisanu, atsikanawo pano ndi agogo, imbako za msana. Ndiye ndinalemba:

Bondo linabwera osanena odi,
msana unalowa osavula nsapato,
imvi sizigogoda, mbale wanga,
umangozipeza zakhala pamkeka.

Itatuluka mu Julaye chaka chino anthu anaikonda kuposa mmene ndinkaganizira. Amayi a pamsika wa nsomba akandiona amagwira m'chiuno n'kumayenda chowerama, kwinaku akuseka. Wa nyuzipepala wina analemba kuti ndine munthu wolimba mtima, ndavomereza ukalamba osabisa kanthu. Ndinadula pepalalo n'kuliika pakhoma.

Munthu mmodzi yekha sanaombe m'manja. Che Jaffalie mukuwakumbukira, woimba ng'oma wanga wa m'tauni ya Mangochi, wamtali uja munamukalipira pa ukwati wanga chifukwa chogogoda tebulo ndi masipuni ansembe akupemphera. Tsiku lomwe ndinawaonetsa mawu a nyimboyi anawerenga kawiri, kenaka anandiyang'ana.

"Che Remo, nyimbo ndi yabwino, koma powerenga ziwalo mwadumpha. Bondo lilimo, msana ulimo, mano alimo, imvi zilimo. Nanga ili?" Anagwira khutu lawo n'kulikoka.

Ndinawauza kuti liwu loti khutu silikulowa bwino m'kayendedwe ka nyimbo.

"Wallahi," anatero, "bodza lanuli lakula kuposa mwini wake."

Achemwali, ine sindikumva. Ndalemba, ndikuwayang'ana mawuwo papepala, ndipo dzanja likufuna kuwafufuta. Khutu lakumanzere linatseka zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Lakumanja latsala pang'ono. Munthu akamalankhula ndimamva ngati tonse tili pansi pa madzi, ndipo pamwamba pake pali nyenje zosapuma, dzinja ndi chilimwe chomwe. Munthu akandiyang'ana kumaso n'kumalankhula mosathamanga ndimatola mawu pamilomo yake. Akangotembenuka, basi, wandisiya. Adokotala ku Blantyre anati ndi masipika omwe ndakhala ndikuima pambali pake moyo wanga wonse, ndipo zomwe zinafa m'katimo sizidzukanso. Anati kulipo kachipangizo kovala m'khutu komwe kangathandizeko. Pepala lawolo ndinalipinda n'kuliika m'bokosi, pansi pa gitala, ndipo lakhala mmenemo mpaka sabata yatha. Ndinkati, woimba wovala kachipangizo ka agonthi, ndani angamuitane?

Mufunsa kuti nanga zaka zonsezi wakhala ukuimba bwanji. Siteji ya pahotela yomwe timaimbapo ija, yoyang'ana kunyanja, inali ya matabwa, ndipo matabwa ake anagona kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo. Tsiku lina mapazi atanditupa ndinavula nsapato tili pakati poimba. Ndinadabwa. Ng'oma yaikulu ya Che Jaffalie, ija amaiponda ndi phazi, inali kuyenda m'thabwa, kulowa pachidendene, kukwera mpaka m'chiuno. Zomwe khutu linkandimana, thabwa linkandipatsa. Kuyambira tsiku limenelo Che Jaffalie ankaika ng'omayo pathabwa lachinayi, ine n'kuima kutsogolo pathabwa lomwelo, wopanda nsapato. Za mawu, khosi limakumbukira lokha njira zomwe layenda zaka zambiri, ndipo gitala ndikaikanikiza pachifuwa imandiuza pomwe tili.

Dzina loti Che Mapazi linachokera pamenepo. Atolankhani atandifunsa ndinawauza kuti ndimavula nsapato polemekeza nthaka ya makolo, pomwe nthakayo sindinkaiponda n'komwe, ndinali pathabwa. Zoimba kwina ndinasiya kuvomera. Maukwati, misonkhano ya ku Lilongwe, zonse ndinkakana, ndipo anthu anati Che Mapazi wayamba matama. Anzanga ena a m'bandi ankangoti mdalayu ndi wouma mutu. Che Jaffalie okha ndiwo ankadziwa, ndipo ndinawalumbiritsa kuti asauze munthu, ngakhale akazi awo.

Foni ndiyo inandigonjetsa. Pafoni palibe milomo, palibe thabwa. Ulendo womaliza womwe tinalankhulana, mutangobwerera ku Zambia kuchokera ku chiliza cha Edith, ndinakhala mphindi khumi ndikungoti eya, eya, indedi, thukuta lili kamukamu, osatolapo ngakhale liwu limodzi. Nditaika foni pansi ndinati sindidzayankhanso, chifukwa inu si anthu a nyuzipepala, mukanandigwira pa ulendo wachiwiri. Ndiye munayamba kutumiza mauthenga a mawu. Uliwonse ukafika ndinkautsegula n'kuukanikiza pakhutu lakumanja. Ndinkadziwa kuti ndi inu, chifukwa kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu anu ndingakazindikire ngakhale pakati pa msika, koma zomwe munkanena sindinkazimva. Ndikatero ndinkalemba kuti, "Ndamva achemwali, ndatanganidwa, ndiimba foni mawa." Masiku ena ndinkangotumiza kachithunzi ka chala chachikulu kaja.

Ndikanatha kupatsa munthu kuti andimvere. Ndinkadziuza kuti kandimverere anakanena za m'maluwa, nkhani za pabanja si zopatsa anthu. Limenelo linali bodza linanso. Zoona zake ndinkachita manyazi, ndipo manyazi anga ndinawaika patsogolo pa inu. Mauthengawo anafika makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Sindinafufuteko ngakhale umodzi.

Tsopano mumve mmene ndinagwidwira.

Munamva kuti chaka chino nyanja inakwera kwambiri. Madzi analowa mpaka pabwalo la hotela, siteji ija inakhala m'madzi miyezi itatu, ndipo mbali yonseyo anaitchinga ndi malata. Ife a bandi tinapuma. Nthawi imeneyo ndi yomwe ndinakajambulitsa nyimboyi ku Blantyre, ndipo kumeneko sikunavute, chifukwa timajambula mzere umodzi umodzi, ukaphonya umabwereza, ndipo makina awo amawongola zokhota. Manijala wa hotela yathu, a Yasmin, mayi wamtima wabwino amene anakula akuvina nyimbo zanga, anakonza zoti ndidzaimbe nyimbo yatsopanoyi koyamba pamaso pa anthu pa Tsiku la Anakubala, Lachiwiri lapitali, poti tsiku limenelo kunyanja kuno kumadzaza. Anandiuza kuti akundikonzera mphatso, koma anakana kunena kuti ndi chiyani.

M'mawa wa tsikulo ndinafika ndi Che Jaffalie cha m'ma naini. A Yasmin anandigwira dzanja ngati mwana wawo, kunditengera kubwalo. Malata anali atachotsa, siteji ataifunditsa lona. Antchito onse a pahotela anafola, ophika ndi zipewa zawo zoyera, alonda, oyala mabedi. Lona atamukoka, a Yasmin anandiyang'ana kumaso, nkhope yonse ili mwee.

"Bambo, matabwa aja anaola. Takumangirani ya simenti. Iyi ndiye sidzaolanso, adzukulu anu adzaimbapo."

Inali yokongola, sindinama. Yayitali bwino, yosalala, ya masitepe atatu. Kutsogolo kwake, pamalo pomwe ndimaima, anajambulapo mapazi awiri ndi penti yoyera, pansi pake n'kulembapo kuti CHE MAPAZI. Antchito ankaomba m'manja. Ndinathokoza ndi manja awiri, ndinagwada pang'ono, ndinamwetulira mpaka masaya anapweteka. Che Jaffalie sindinawayang'ane.

Anthu atabalalika tinakweza ng'oma. Ndinavula nsapato n'kuponda pamapazi opentawo. Nditacheuka ndinaona Che Jaffalie akuponda ng'oma yawo ndi mphamvu, chikopa chake chikunjenjemera, koma pansi pa phazi langa panali zii. Simenti inkangondipatsa kutentha kwa dzuwa basi.

Che Jaffalie anabwera kudzaima patsogolo panga kuti ndione milomo yawo.

"Kuseri kwa khitchini kuli chitseko chakale. Tichiyale apa, ng'oma uku, inu uku. Zitheka."

Ndinakana. Ndinati chitsekocho chiphimba mapazi omwe anthu avutikira kupenta, ndipo a Yasmin afunsa chifukwa chake.

"Ndiye muwauze."

"Ndiwauze chiyani?"

"Che Remo, Mulungu anakubwerekani makutu, watenga makutu ake. Inu mwaba chiyani kuti muzibisala?"

Ndinawayankha mwamwano, mawu omwe sindilemba pano. Ndinati ndaimba zaka makumi atatu ndi zisanu, sindingalephere masana amodzi. Anangopukusa mutu n'kupita kukaswali.

Tinayamba itakwana fili koloko masana. Bwalo linali lodzaza, amayi a m'mabasi ochokera ku Blantyre ndi ku Zomba atavala zitenje zofanana, ena ndi ana awo, ena ndi apongozi. Ndinayamba ndi nyimbo zakale zovina zija, ndipo Mulungu anandipatsa mayi wina wonenepa wa chitenje chachikasu amene anaima kutsogolo kwenikweni. Achemwali, mayi ameneyo mapewa ake sankaphonya. Ndinasiya kuyang'ana kwina kulikonse, ndinaimba nyimbo zinayi ndikutsatira mapewa ake. Mwina anaganiza kuti mdalayu wamufuna, chifukwa anayamba kunditsinzinira diso. Mumtima ndinkati, Jaffalie, waona?

Kenaka inafika nthawi ya Imvi Sizigogoda. Chomwe ndinaiwala n'chakuti nyimboyi ndi yodekha, si yovina. Anthu anangoima chilili, mafoni m'mwamba. Mayi wanga wa chikasu uja anakhala pansi n'kumadzipepeza ndi mpango. Panalibenso phewa lililonse lomwe linkagwedera. Ndinayamba kuwerenga mumtima, ndipo ndikuganiza kuti vesi yoyamba ndinadutsa. Koma nditafika pakolasi ndinatsinzina. Mukukumbukira khalidwe limeneli, munkandikalipira nalo ku kwaya kuti woimba wotsinzina ali ngati wopalasa bwato chogona. Ndinatsinzina, nyimbo inandikomera, ndinapita nayo.

Potsegula maso ndinaona woimba bezi manja ali m'mbali. Ndinacheuka. Che Jaffalie timitengo tili m'mwamba, osagunda. Ndinali nditathamanga kuwasiya kutali, anayesa kundithamangira mpaka anasokonezana, ndipo onse anali atasiya. Sindikudziwa kuti ndinaimba ndekha nthawi yaitali bwanji. Anthu ena ankayang'ana pansi, ena atagwira pakamwa. Bambo wina wa kutsogolo anatembenukira mnzake, anaika chala chachikulu pamlomo ngati botolo, ndipo milomo yake ndinaiwerenga bwinobwino: "Mdala waledzera."

Inu mukudziwa kuti mowa ndinausiya pamaliro a amayi, nditagwira dzanja lanu, zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo, ndipo sindinaulawenso. Ndinayang'ana mafoni onse aja ndipo ndinadziwa kuti pofika mawa nkhaniyi ikhala ili ku Kitwe, kuti Remo anathyola lumbiro lake. Pa manyazi awiri ndinayenera kusankha amodzi, ndipo ndinasankha oona. Ndinagwira maikolofoni.

"Amayi ndi abambo, sindinaledzere. Ine sindikumva. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikumvera ng'oma kumapazi, lero simenti yandigwira. M'nyimboyi ndinakunamizani. Muli chiwalo chimodzi chomwe ndinasiya."

Sindikudziwa ngati ndinakuwa kapena ndinanong'ona. Ndinangoima pamenepo, mapazi akupsa, ndikufuna nsapato zanga kuti ndizipita. Kenaka ndinamva dzanja pamsana, pakati pa mapewa. Che Jaffalie anali atasiya ng'oma zawo n'kudzaima kumbuyo kwanga. Anayamba kundiguguda ndi chikhatho, kamodzi, kawiri, katatu, kanayi. Tinaiyambiranso nyimboyo popanda ng'oma, ine ndine ndinali ng'oma yake.

Pamenepo ndi pomwe ndinakukumbukirani. Ndinaona tchalitchi cha ku Malindi, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi pamzere wakutsogolo, inu kumbuyo kwanga. Ndikangophonya pang'ono, chala chanu pamkono wakumanja, kunditsina, tswi! Ndinkabwerera kunyumba mkono uli madonthomadontho, inu n'kumati, "Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Iwe kuipa unaipa kale, ndiye usaphonyenso nyimbo." Anthu akhala akundiombera m'manja moyo wanga wonse, koma amene anandiphunzitsa kuimba ndi chala chimenecho.

Titamaliza ndinaona manja ambirimbiri akuomba, koma phokoso lake silinandifike. A Yasmin anabwera kuseri maso ali psu, anaima patsogolo panga, ndipo analankhula pang'onopang'ono monga amachitira Che Jaffalie.

"Bambo, bwanji simunanene? Kalipentala anabwera ndi matabwa, ine ndinamubweza."

Pano ayamba kukhoma matabwa pamwamba pa simentiyo, ndipo mapazi opentawo aphimbika. Kanema wa pomwe ndinasokonezapo akuyenda m'mafoni, ndipo ambiri anadula asanafike pomwe ndinalankhula. Mukamva kuti ndinaledzera pasiteji, nkhani yake ndi imeneyi.

Mawa lake, Lachitatu, Che Jaffalie anandiitanira kwawo m'tauni. Atachokera ku swala ya masana tinakhala pansi pa mango, akazi awo a Farida anatiikira tiyi n'kutisiya. Che Jaffalie anatambasula dzanja.

"Dziko lonse ladziwa tsopano. Bweretsani foni ija."

Ankamvera uthenga umodzi, kuika foni pamwendo, kundiyang'ana, n'kundiuza zomwe mwanena. Oyambirira tinkaseka. Munkandiuza za dzino la mdzukulu wanu, za mpongozi wanu amene amaopa nkhuku, munkadandaula kuti kapenta wa ku Zambia sakoma ngati usipa wa kwathu ndipo ndikutumizireniko wouma. Pa wachisanu ndi chinayi munafunsa kuti, Remo, ndakulakwira chiyani? Pa wakhumi ndi chinayi Che Jaffalie anamvera kawiri. Anavula kofia yawo, anaiyang'ana m'kati ngati muli china chake, anaivalanso.

"Akuti shuga wawafika m'maso."

Kuchokera pamenepo sitinasekenso. Ndinamva kuti munasiya kuwerenga Baibulo lanu, kenaka munasiya kusoka, kenaka nkhope za adzukulu zinasanduka zithunzithunzi. Ndinamva kuti ndi chifukwa chake munkatumiza mawu osati kulemba. Ndinamva kuti timauthenga tanga tija tonse ankakuwerengerani ndi Angel, kutanthauza kuti mwana ameneyu wawerengera mayi ake bodza langa loti ndiimba mawa kambirimbiri. Ndinamvanso kuti munamuletsa kundilembera za matenda anu, munati munthu sapempha chifundo kwa mlongo wake kudzera mwa mwana, ngati akufuna amva yekha. Apa ndiye ndinadziwa kuti ndife a mimba imodzi. Kuuma mtima kumeneku tinagawana pakati ndi pakati.

Koma womwe unandithyola ndi wa mwezi wa Marichi. Che Jaffalie anamvera nthawi yaitali, mutu ukugwedera pang'ono.

"Apa sakulankhula, akuimba. Akuti ndi nyimbo yomwe amayi anu ankaimba poyanika usipa pathandala. Akuti aiwala vesi yomaliza, yawasowetsa mtendere sabata yonse, muwakumbutse."

Ndinatenga foni kuti ndione zomwe ndinayankha tsiku limenelo. Kanali kachala kaja.

Achemwali, ndinalira pamaso pa mwamuna mnzanga, masana dzuwa likuswa mtengo, nkhuku za a Farida zikutola nyenyeswa pamapazi pathu. Che Jaffalie anadikira, kenaka anandiuza womaliza, wa mu Ogasiti. Anapepesa kaye, anati anena monga munanenera. Munati mwaimva nyimbo yanga pa wailesi. Munati pa vesi yachiwiri makina andithandiza, si khosi langa limenelo. Anthu onse a m'dziko muno, a nyuzipepala ndi a wailesi omwe, palibe anazindikira, koma inu munagwira. Kenaka munati, "Ukuimbira dziko lonse za ukalamba, wokalamba wako ali kuno mumdima. Sindidzakuvutitsanso."

Ndilibe chodzitetezera. Kusamva si tchimo, Che Jaffalie ananena zoona, koma kukusiyani mukulankhula nokha zaka ziwiri ndi tchimo, ndipo ndi langa. Ndikhululukireni. Sindikunena kuti muiwale, chifukwa ndikukudziwani, mukukumbukirabe mbale yanu yomwe ndinaswa mu 1971. Ndikungopempha kuti chitseko musachikhome.

Angel mwana wanga, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwerenga. Pepa kuti amalume ako akutula katundu wotere pakamwa pako, pomwe uli ndi ntchito ndi ana akoako. Ndalemba kalata osati uthenga wa pafoni chifukwa ndikufuna amayi ako akhale ndi chinthu choti agwire m'manja. Apa werenga pang'onopang'ono, usathamange monga umachitira ndi nkhani za m'tchalitchi. Vesi yomwe amayi ako anafunsa ndi iyi:

Bwato likachedwa usatseke chitseko,
mwera ulibe mwini,
siya moto, siya madzi,
wochedwa nayenso ndi wako.

Achemwali, sindinaisankhe ine vesiyi, ndi mmene amayi ankaimalizira. Ngati ndasintha liwu mundikonze.

Dzulo ndinaiimba pafoni, yonse kuyambira vesi yoyamba, popanda gitala, popanda makina, ndipo ndatumiza pa nambala yanu. Angel akutsegulireni mukatha kumva kalatayi. Sindikudziwa ngati ndaimba molondola. Che Jaffalie akuti zili bwino, koma Che Jaffalie masiku ano akundimvera chisoni, ndipo munthu wachisoni saweruza nyimbo. Inu simunandinyengererepo chibadwire. Ngati ndaphonya, uzani Angel alembe kuti waphonya pamzere wakuti, ndipo ndidzasangalala ndi mawu amenewo kuposa manja onse omwe ndinawaona Lachiwiri lija.

Pepala la adokotala lija ndalitulutsa m'bokosi. Ndikupita ku Blantyre pa 6 Novembala kukayezetsa kachipangizo kaja. Akuti ndisayembekezere zambiri, mwina kangochepetsa madzi aja pang'ono, nyenje zikhalapobe. Ndivala, anthu aone. Vesi ya khutu ndayamba kuilemba, ndipo ndapeza kuti liwulo likulowa bwinobwino m'kayendedwe ka nyimbo.

Pa 18 Disembala ndikukwera basi kudzera ku Mchinji, ndigona ku Lusaka, ndipo pa 20 ndikhala ndafika ku Kitwe ngati Mulungu alola. Sindikudikira yankho kuti ndinyamuke. Mukandibweza, mundibwezere pakhomo panu, ndidzabwerera ndikudziwa kuti ndinafika. Usipa wouma munapempha zaka ziwiri zapitazo ndikubweretsa, wa ku Malindi weniweni. Che Jaffalie ndi a Farida akupereka moni. Che Jaffalie akuti ndikuuzeni kuti masipuni aja anasiya, ndiponso akuti mawu anu akadali abwino kuposa anga.

Mundiperekere moni kwa apongozi oopa nkhuku, kwa adzukulu onse, ndi kwa mwini dzino lija, amene pano ayenera kuti mano ali pakamwa ponse.

Ndikafika pageti musavutike kundiitana, sindidzamva. Ine ndidzakuonani, inu simudzandiona. Angel angondiimika patsogolo panu, nditembenuke monga ndinkaimira ku kwaya, inu kumbuyo. Ndidzavala malaya a manja aafupi. Mkono wakumanja, pamwamba pa chigongono, malo ake mukuwadziwa.

Ndine mlongo wanu wochedwa,
Raymond.